Chithunzi Chofulatira cha a Inki

Olemekezeka a tcheyamani a komiti ya mabanja, ndisanatchule wina aliyense ndiyambe ndi kupepesa. Mawu awa ndalemba ndekha, ndi dzanja langa. Sukulu ndinalekera panjira, ndisanafike n'komwe makalasi apamwamba a pulayimale, choncho pena ndachulutsa zilembo, pena ndameza zina, pena ngakhale mwiniwakene sindikuzindikira chimene ndinalemba. Mwandiuza kuti pepalali mulisunga m'nyumba muno. Amene adzaliwerenge asadzaseke kwambiri. Ndikaima pakati musaganize kuti ndikulira, mwina ndikungofunafuna pamene ndalekezera.

Olemekezeka a tcheyamani, amene mwayenda khomo ndi khomo mpaka nsapato kutha, olemekezeka a meya a mzinda uno, amene munatipatsa makiyi a nyumba ino, olemekezeka nthumwi ya boma, amene mwabwera ngakhale munkadziwa kuti lero si tsiku lomva zokoma zokhazokha, olemekezeka a phungu a dera lino, olemekezeka mkulu wa apolisi, amene mwakhala kutsogolo chipewa chili pamaondo, ndipo ine ndaona, abusa, ansembe ndi mashehe, aphunzitsi ndi ana anu a sukulu amene mwaima kumbuyoko, atolankhani, inu ojambula, osoka, oumba ndi osema, amene manja anu atinenera zimene pakamwa pathu panalephera, ndi inu anzanga, akazi amasiye opanda manda, ana amene munakula opanda bambo kapena mayi, makolo amene munayang'ana kumsewu mpaka maso kuchita ng'ala: ndakulonjerani nonse, ndipo takulandirani.

Atandiuza kuti mlendo wolemekezeka ndikhala ine, ndinakana. Ndinati mlendo wolemekezeka amabwera pa galimoto, ine ndibwera pa minibasi, nanga ikafera panjira? A tcheyamani anati adzanditenga okha. Ndinati nanga mvula ikagwa, denga lakaleli n'kudonthera zithunzi? Anati malata akhoma atsopano. Ndinati nanga msomali ukazuka, chithunzi n'kugwera mwana wa eni? Anati, "Amayi, inu mungobwera, zapakhoma tisiyireni ife." Pomaliza ndinafunsa chimene chinali pansi pa mtima, ndinati, "Kodi satimanga?" Iwo anaseka, nati, "Apolisi tawaitana tokha, abwera kudzamwa nafe tiyi." Ndinati, "N'chimene ndikuopacho." A mkulu wa apolisi, musakhumudwe, ndaona kuti inunso mwaseka. Nthawi imene ndikunenayo inu munali musanayambe n'kuvala nsapato komwe. Koma mantha akalowa m'nyumba sachoka tsiku limene boma lasintha. Amatsalira ngati fungo la utsi m'bulangete, ndipo za mabulangete ine ndimazidziwa, chifukwa moyo wanga wonse ndagwira ntchito yochapa kuchipatala.

Nyumba ino ambiri a inu mumaidziwa ngati mosungiramo katundu mwakale. Ife timaidziwa mwina. Muno ndi mmene ankayamba kuwasunga anthu athu asanawatengere kumene sitikudziwa. Kwa zaka zambiri ndinkati ndikafika pa msewu uwu ndinkawolokera tsidya linalo, maso pansi ngati ndataya singano. Lero ndalowera khomo lakutsogolo, anthu ataimirira, ndipo m'makomamu ndapezamo anthu athu. Mwaona tebulo lija la nsapato zoumba ndi dongo, iliyonse yopanda inzake. Mwaona chinsalu chachikulu chimene amayi anzanga asoka ndi zidutswa za malaya amene anatsala m'masutikesi. Mwaona mpando wosema, wopendekeka ngati mwini wake angomunyamulapo kumene. Ndipo mwaona nkhope. Ine sindine wodziwa zaluso, sindinganene kuti penti uyu waposa uyo. Ndingokuuzani za chithunzi chimodzi, chija chili pakona pafupi ndi zenera, chimene ndamva ana a sukulu akufunsana kuti, "Nanga uyu watifulatira bwanji?" Ana inu, amenewo ndi amuna anga.

Anzawo ankawatchula kuti a Inki, chifukwa ankagwira ntchito pa makina osindikizira mabuku ndi makadi a ukwati, ndipo zala zawo sizinkayera ngakhale nditazikwecha ndi sopo wakuchipatala. Sanali munthu wa ndale. Ndikatero sindikunena kuti a ndale ndiwo anayenera kufa, ayi, palibe amene anayenera. Ndikungonena mmene analili. Anali munthu wokonda wailesi, woopa jekeseni, wokonda kuimba mluzu nyimbo imene sakuidziwa. M'mawa uliwonse ankandikweza pa kaliyala ya njinga yawo, n'kukanditula pa geti la chipatala, iwo n'kupitirira kuntchito. Tsiku lina kunapezeka timapepala todzudzula boma titamwazika pamsika. Anthu a boma sanafufuze kuti wasindikiza ndani. Anangopita kumene kuli makina, n'kutenga onse amene anawapeza, ndi wosesa yemwe. Ine ndinali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, amene anakhalanso wotsiriza.

Madzulo a tsiku lomwelo, nditangoweruka, anabwera kunyumba, amuna ovala bwino, olankhula mwaulemu, mpaka mmodzi anapukuta nsapato pakhomo asanalowe. Sanaswe kanthu. Anangotenga zithunzi zonse, cha ukwati chimene chinali pakhoma, za m'kabati, ngakhale kakang'ono kamene kanali pa khadi lakuntchito, n'kuziika m'nsalu ya pilo wanga. Chimodzi chinatsala kwa apongozi anga, koma iwo atamva kuti anthu akumangidwa chifukwa chosunga nkhope za otengedwa, anachiponya pamoto akulira. Sindinawadzudzule. Akanapanda kutero iwo, mwina ndikanatero ine.

Poyamba za zithunzi sindinadandaule. Ndinkati nkhope ya amuna anga ndingaiiwale ine? Ndinkaitulutsa m'mutu tsiku lililonse, pochapa, posita, poyamwitsa, kuiyang'ana n'kuibwezera. Koma anzanga ochapa akudziwa kuti nsalu imene umaikonda kwambiri ndi imene imayamba kusuluka, chifukwa ndi imene imapita m'madzi kawirikawiri. Anayamba kuchoka ndi maso, kenako pakamwa. Tsiku lina ndinadzidzimuka kuti nkhope imene ndikuiona ndi ya dokotala wina wakuntchito kwathu. Sindinauze munthu. Mwana wanga akafunsa kuti, "Amayi, adadi anali otani?" ndinkati, "Anali ooneka bwino, idya." Mtsikana uja anakula, anaphunzira, lero ndi mphunzitsi, ali ndi ana akeake ataliatali, koma funso lake silinakule, linakhala lomwe lija la mwana wamng'ono.

Chaka chatha komiti inatitumizira mayi wojambula, amene akhala apowa, amene ngakhale lero tsiku la madyerero abwera penti ali m'zikhadabo. Mabanja ambiri tinalibe zithunzi, choncho mayiwa ali ndi njira yawo. Amaitana abale onse a munthuyo, sindinena kuti a malemu chifukwa maliro sindinawaone, n'kuwakhazika pa benchi m'chipinda chawo chojambuliramo, n'kuyamba kubwereka: mphumi kwa uyu, maso kwa uyo, chibwano kwa mdzukulu. Amati munthu sapita yense, katundu wina amasiya mwa abale. Kwa mabanja ambiri njira imeneyi yagwira ntchito, ndipo mwaona nokha anthu atagwira pakamwa kutsogolo kwa zithunzi zija.

Ife tinapita: ine, mwana wanga, adzukulu, ndi alamu anga, mng'ono wawo wa a Inki, amene anali dalaivala wa basi, ndipo mpaka lero amalankhula ngati injini ikulira. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Mayi, musavutike, jambulani ine, mungochotsako mimba." Mayi wojambula anafunsa kuti, "Mphuno yawo inali ngati ya ndani?" Alamu anati, "Ndi iyi ndavalayi." Ndinati, "Alamu, mphuno imodzi anthu awiri?" Anati, "Anayamba kuvala ndi achimwene, itawachepera anandisiyira ngati malaya." Khalani pansi alamu, anthu akuonani kale, mphunoyo aionanso.

Tinaseka tsiku limenelo, kuseka kumene tinali tisanasekepo potchula dzina la a Inki. Koma tinalakwitsa chinthu chimodzi, cholakwa cha anthu amene akhala nthawi yaitali akuikira kumbuyo munthu wawo. Zaka zonse zija anthu ankatinong'oneza kuti ndife a kwa oukira, choncho tinazolowera kunena zabwino zokhazokha. Mayi wojambula akafunsa, ife tinkayankha ngati tili kukhoti. Maso? Ofatsa. Pakamwa? Paulemu. Tsitsi? Lopesa bwino nthawi zonse. Alamu anawonjezera tayi, chonsecho munthu uja tayi anavala tsiku la ukwati lokha, yobwerekanso, ndipo anaivula tisanatsike masitepe a tchalitchi. Palibe amene ananena za dzino lobenthuka, palibe amene ananena kuti akamaseka maso ankatsekeka. Ine ndinkangovomera ndi mutu, chifukwa ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa adziwa kuti m'mutu mwanga nkhope mulibe.

Chithunzi chitatha anatiitana. Anachotsa nsalu, ndipo panali bambo wina wooneka bwino, wa tayi, wofatsa, ngati aja amakhala pa kalendala ya kubanki. Mwana wanga anagwada. Mayi wamkulu, mphunzitsi woopedwa ndi kalasi yonse, anagwada pa simenti n'kunena kuti, "Adadi." Anachijambula pa foni, natumizira ana ake ndi anzake akuntchito, nachiika pamene amaika nkhope yake pafonipo. Pobwerera mu minibasi anandigwira dzanja, chinthu chimene anasiya ali wamng'ono, n'kunena kuti, "Amayi, chipumichi ndinatengera iwo eti?" Ndinati, "Eee."

Olemekezeka, bambo wa pa chithunzi chija ine sindinkamudziwa. Akanakhala nane mpando umodzi m'basi ndikanamupatsa moni n'kusuntha chikwama. Nkhope ya amuna anga ndinaiiwala, inde, koma mtima unkadziwa kuti si imeneyi, monga lilime limadziwira kuti m'tiyi mulibe shuga ngakhale sunaone pothira. Tulo tinasowa, chakudya sichinkatsika. Ndinapita kwa alamu kukawafunsa. Anayang'ana kumbali, nati, "Mlamu, inenso ndaona. Koma mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere. Wapeza bambo, musiyeni." Ndinati, "Nanga a Inki? Anawachotsa kuntchito, anawachotsa pakhoma, tsopano ife tomwe tiike munthu wina pamalo pawo, dzina lawo lili pansi pake?"

Ndinapita ndekha kwa mayi wojambula, njira yonse ndikubwereza mawu opepesa, poti anali atataya nthawi ndi penti wawo. Nditafika pakhomo mawu onse aja anathawa, ndinangoti, "Mayi, si iwo." Ndinkayembekeza kuti akwiya. Anangopukuta manja, nandikokera mpando, nati, "Ndinaona tsiku lija. Aliyense ankayang'ana chithunzi, inu munkayang'ana mwana wanu." Kenako anati, "Tsinzinani. Nkhopeyo musaifunefune, isiyeni. Mukuona chiyani?" Ndinati palibe. Anati, "Dikirani, sitikuthamangira kulikonse." Tinadikira, panja wina akukhoma malata, wina akuitanira makala. Ine m'mtima ndinkangoti, mayiwa ndikuwachedwetsa, ali ndi mabanja ena. Ndiye mwadzidzidzi ndinamva fungo la sopo ndi thukuta la m'mawa, ndipo ndinaona khosi.

Ndinaona nkhongo ya amuna anga, mmene ndinkaionera m'mawa uliwonse ndili pa kaliyala. Mizere ya pakhosi imene inkatuluka akaweramira pokwera chitunda. Khutu lakumanzere loimirira ngati chogwirira kapu, lakumanja logona. Kachipsera kozungulira pamene tsitsi silinkamera, ka mwala umene alamu omwewa anawagenda nawo ali ana. Kolala ya malaya abuluu imene ndinaitembenuza ndekha itaperepeseka, n'kusoka ndi ulusi wosiyana chifukwa wabuluu unali utandithera. Zonse zinali pomwepo, zosasuluka, chifukwa zimenezi sindinkazitulutsa kukazichapa. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndili nazo. Ndinalankhula mpaka dzuwa kupendeka, iwo akungojambula. Ndiponso ndi mmene ndinawaonera komaliza: atanditula pa geti, akupalasa kulowera kuntchito, dzanja limodzi m'mwamba, osacheuka, chifukwa ankadziwa kuti madzulo tionana.

Chovuta chinali kumuuza mwana. Ndinamuitana kunyumba, ndinaphika tiyi, ndinayamba ndi nkhani ya mvula, ndinapita ku nkhani ya maondo, mpaka iye anati, "Amayi, nenani chimene mwandiitanira." Ndinanena. Iye anati, "Ndiye mu minibasi muja munandinamiza?" Ndinati, "Ndinaopa." Anati, "Inu mumaopa chilichonse. Munaopa kundiuza za iwo ndili mwana, munaopa kundionetsa kumene ankagwira ntchito, lero mwalimba mtima kamodzi kokha, kuti mundilande ndi wabodza yemwe." Nditamuonetsa chithunzi chatsopanocho anati, "Moyo wanga wonse ndapempha nkhope, inu mwandipatsa nkhongo. Munthu wondifulatira ndinali naye kale." Anatenga chikwama chake n'kupita, tiyi osamwa. Ndinamupempha chilolezo chonena zimenezi pano, ndipo anavomera. Anangoti ndisachepetse mawu ake, ndiye sindinachepetse.

Panapita milungu foni yanga osalira. Ndinkaganiza kuti yawonongeka, mpaka ndinapita nayo kwa okonza, iwo n'kundiuza kuti, "Agogo, foniyi ili bwinobwino, kungoti palibe amene akukuimbirani." Ndinayamba kuganiza kuti alamu ankanena zoona, kuti ndataya mwana wamoyo chifukwa cha mwamuna amene sadzabwera. Ndinafuna kubwerera kwa mayi wojambula kukawauza kuti apachike cha tayi chija. Ndinkavala nsapato n'kuvulanso, kuvala n'kuvulanso.

Sabata yatha, tsiku lopachika zithunzi, komiti inaitana mabanja kuti tidzathandize. Mwana wanga anabwera chifukwa kalasi yake ndi imene inkasesa. Tinapatsana moni ngati anthu ongopemphera mpingo umodzi. Mayina anali asanamatidwe pansi pa zithunzi. Ndiye kunalowa bambo wina wachikulire woyendera ndodo, telala, mmodzi mwa ochepa amene analowa m'nyumba ino nthawi ija n'kutulukamo amoyo. Ali pano, koma andipempha kuti ndisawaloze. Ine sindinkawadziwa, iwonso sankandidziwa. Anayenda pang'onopang'ono kutsata khoma, kuyang'ana nkhope iliyonse, kupukusa mutu, kupitirira. Atafika pakona paja anaima. Ndodo inagwa. Anati, "Uyu ndi Inki."

Mwana wanga anali pafupi, tsache lili m'manja. Anati, "Bambo, mwawadziwa bwanji, poti nkhope sikuoneka?" A telala anati, "Mayi, muno nkhope sitinkaonana. Ankatiimika pamzere, aliyense maso pa nkhongo ya mnzake, ukacheuka ndodo. Ine ndinali kumbuyo kwa ameneyu. Khutu ili ndinaliyang'ana masiku onse amene ndinakhala muno. Kolala iyi ndinkaiona n'kumati, mkazi amene anasoka apa dzanja ali nalo, koma ulusi unamuthera." A telala anati iwo akatopa ndi kuima, a Inki ankabweza dzanja kumbuyo mwakabisira kuti iwo agwire chala, uku akuimba mluzu chapansipansi, nyimbo yopanda mutu. Mwana wanga anafunsa kuti, "Chala chiti?" A telala anatambasula dzanja, nagwira chala chake chaching'ono. Pamenepo sindinena zambiri. Tsache linakhala pansi nthawi yaitali.

Kenako a telala ananena chinthu chimene ndinali ndisanamvepo zaka zonsezi. Anati tsiku lofika, aliyense ankamuimika pakhoma ilo, limene lili kumbuyo kwa a meya, n'kumupatsa kabolodi ka nambala kuti agwire pachifuwa, n'kumujambula ndi kamera. Aliyense. Panali munthu wa kamera, panali wotsuka zithunzi, panali wozinyamula kupita nazo ku ofesi. A tcheyamani anafunsa kale kuboma, ndipo anayankhidwa kuti za nthawi imeneyo sizikupezeka. Mwina ndi zoona. Koma ine ndagwira ntchito m'nyumba yaikulu, ndikudziwa kuti chinthu chikasowa mosungira katundu sikuti chapsa ayi. Kawirikawiri chimakhala kunyumba kwa wina, pansi pa sutikesi.

Titamaliza ntchito mwana wanga anandiperekeza kokwerera minibasi. Anati, "Amayi, Loweruka akupatsani chimkuzamawu. Mukapemphe chithunzi cha adadi." Ndinati, "Iwe, ukufuna andiphe? Anthu amenewo alipo, ena timakumana nawo pamzere wa mankhwala a bipi." Anati, "Ndiye bwino, akumverani pafupi." Ndinati apemphe a tcheyamani, iwo amadziwa kulankhula. Anati, "A tcheyamani chithunzi cha achimwene awo ali nacho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Ndinati, "Wamva m'mimba ndiwe." Anati, "Ine ndapempha kwa inu moyo wanga wonse. Tsopano inu mukapemphe kwa iwo."

Choncho ndime ikubwerayi ndalemba ndi kufufuta, kulemba ndi kufufuta, mpaka pepala kubooka. A tcheyamani sanaione. Ngati pali mlandu ndi wanga ndekha. Mundilole ndimwe kaye madzi.

Ndikulankhula ndi inu amene munagwira ntchito m'nyumba ino masiku amenewo, kaya muli muno, kaya mukumvera pa wailesi, kaya mudzamva kwa ana anu. Mwakalamba ngati ine, maondo akukuwawani ngati ine, ndipo ndikhulupirira kuti tulo timasowa tonse. Lero sindikukufunsani kuti analamula ndani. Funso limenelo lili ndi eni ake, ndipo sadzasiya kulifunsa. Ine ndikupempha chithunzi. Ngati chili m'sutikesi, ngati chili m'katoni kudenga, ngati malemu bambo anu anasiya envulopu ya nkhope za anthu amene simukuwadziwa, ndipo mwakhala mukusowa kuti muitaye kapena muisunge, musaitaye. Bweretsani. Pa geti la nyumba ino pali mlonda, ndalankhula naye, ndi munthu wosafunsa mafunso. Dzina lanu musalembe. Ngati mukuopa tumani munthu. Pa nkhani ya mantha ine sindingakusekeni. Ndikudziwa kuti pa chithunzicho amuna anga sakumwetulira, mwina nkhope ndi yotupa, ndipo pachifuwa pali nambala. Ndamufunsa mwana wanga ngati angapirire kuona zimenezo. Wati, "Ndi adadi anga, ndiwalandira mmene alili." Ndiponso si ife tokha, m'nyumba muno muli mabanja ambiri amene nkhope za anthu awo ndi zobwereka kwa abale.

A nthumwi ya boma, a mkulu wa apolisi, ndaona mukulemba. Lembani ndithu, koma ndikupempheni kuti amene abwere ndi envulopu pa geti paja musamudikirire pakona. Mukagwira mmodzi, ena onse akatentha zimene ali nazo, ndipo ife tidzaferedwa kachiwiri.

Inu ojambula, osoka, oumba ndi osema, mawu okwanira ndilibe. Anthu athu simunatibwezere, ndipo simunanamizire kuti mungathe, koma mwatipatsa poima. Mwana amene analibe manda oti apiteko, lero ali ndi khoma. Mayi amene ankalirira kubafa madzi akutuluka kuti ana asamve, lero walira pagulu mnzake atamugwira phewa. Mayi wojambula, munavomera kubweza m'chipinda chithunzi chimene munachivutikira, osadandaula, ndipo pafupi ndi a Inki mwakhoma msomali wina n'kuusiya wopanda kanthu. Ana a sukulu, mukauona msomali umenewo musaganize kuti aiwala kupachika. Ndiponso m'nyumba muno musayende ngati muli kumanda. Funsani mafunso, lozani ndi chala, sekani khutu la amuna anga, iwonso ankaseka nalo.

Ndisananyamule sizasi yodulira riboni, ndinene poyera zimene zatsala, kuti tisachoke pano ngati zonse zatha. Kumene anthu athu anagona sitikudziwa. Palibe amene wabwera kudzatiuza kuti, ndinali ine, pepani. Ine ndi mwana wanga tayambanso kulankhulana, koma chithunzi cha tayi chija sanachichotse pa foni yake, ndipo ine sindinamuuze kuti achichotse. Nkhope ya bambo ake sanaione mpaka lero, ndipo sindikudziwa ngati adzaiona ine ndikali moyo.

Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mabanja anzanga andipatsa, ndikulengeza kuti nyumba ino ya chikumbutso, pamodzi ndi zonse zili m'makoma ake, yatsegulidwa kuyambira lero, ndipo geti lake likhala lotsegula kwa wobwera kudzaona ndi kwa wobwera kudzasiya.

Zikomo kwambiri.